Chaka Chimene Msewu Unadya Dimba Lathu

Pii, pii, pii. Ndi kulira kwa lole ikamabwerera chambuyo. Mpaka lero ndikakumva, kaya ndili ku ntchito kaya pa sitolo, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la dothi lonyowa losakanikirana ndi phula, ndipo mtima umabwerera ku Lucan, kuno kwa azungu, chaka chija chuma cha dziko lino chinagwa chagada. Anzanga amachikumbukira chifukwa cha mabanki ndi nyumba zosiyidwa zisanafoleredwe. Ine ndimachikumbukira chifukwa cha dzungu limodzi.

Ndinkachita lendi kachipinda pa mzere wa nyumba zakale za njerwa zofiira. Kuseri kwa nyumbazo kunali kamunda kakatali koma kopapatiza, kenaka mpanda wa zitsamba zaminga, kenaka msewu waukulu wopita kumadzulo. Kamundako kanali ka a Fergal, bambo wachikulire wa konkuno amene mawondo anali atawakaniza khasu. Anatilola kulimamo anthu awiri: ine ndi Amai Tembo a nyumba yoyandikana nayo, nesi wochokera ku Chipata amene ankalera yekha mwana wake wamkazi, Taonga. Malipiro a mundawo anali kumvetsera a Fergal akamatukwana boma, basi.

Febuluwale

Kalata ya boma inafika ndi mapu ake. Msewu aukulitsa ndi kuuwongola. Pamene unkakhota kulambalala nyumba zathu, tsopano udzadutsa molunjika, ndipo mzere wofiira wa pa mapuwo unagawa kamunda kathu pakati penipeni. Kalatayo inati mbali yathu adzayifika kumapeto kwa Okutobala.

A Fergal anaiwerenga ataimirira pakhomo, nkuseka. M'Chingerezi chawo chothamanga anati boma limeneli lilibe ndalama yogulira ngakhale fosholo, tizilima basi.

Amai Tembo anatembenukira kwa ine. "Ba Lackson, imwe muganiza bwanji? Tilime olo tileke?"

Ndinapitiriza kuyang'ana mapu.

"Iyayi," anatero, "kukamba na imwe ni monga kukamba na firiji. Naye firiji amachitako ka sound."

Sindinali kuwanyoza. Ndinaleredwa ku Dowa ndi agogo anga aNachisale, makolo anga atamwalira ndili ndi zaka zinayi. Agogo sanali munthu wa nkhani. Ankagwira ntchito pakamwa atatseka, ndipo ine ndinaphunzira zonse powayang'ana manja. Pamene ndinkanyamuka kudzaphunzira kuno, anasokerera nthanga za maungu mu mpendero wa jekete langa osandiuza. Ndinazipeza patapita miyezi, ndikudabwa chimene chinkandikanda m'chiuno. Ndinaziika m'kabotolo pa windo, ndipo zaka ziwiri zinatha ndikungoziyang'ana.

Agogo anamwalira Disembala wa chaka chapitacho. Sindinapite. Mapepala anga anali ku ofesi akudikira chidindo, ndipo ndikanatuluka sindikanaloledwa kubwerera. Maliro ndinawamvera pa foni ya msuweni wanga mpaka mayunitsi anatha pakati pa nyimbo. Munda wawo anaulanda amalume nkubzalamo fodya, ndipo botolo lawo la mbewu palibe amene anadziwa komwe linapita. Maungu amene ndinakula nawo, obiriwira motuwa, a mizere yakuya, amene agogo anawatenga kwa amayi awo, anatsala m'nthanga khumi ndi zinayi pa windo la ku Lucan.

"Ndilima," ndinayankha pomaliza.

"Aleluya, firiji yakamba!"

Epulo

Ku hotela ya ku Citywest kumene ndinkatsuka mapoto anatidula masiku, kuchoka pa asanu kufika pa awiri. Misonkhano ya makampani inali itatha, maukwati akuchepa. Ufa wa ku sitolo ya Chiafirika unakwera, ndipo ndinaphunzira kuti thumba la mbatata za kachewere lotsika mtengo limatha sabata ngati munthu sukuitana alendo. Nthawi yokha ndi imene ndinali nayo yambiri, ndipo ndinaithera m'munda.

Agogo anali ndi lamulo limodzi la mbewu, limene sanalinenepo koma ndinaliona chaka ndi chaka: sankabzala zonse. Botolo silinkabwerera m'nyumba lopanda kanthu. Choncho ndinabzala nthanga zisanu ndi zitatu, ndikusunga zisanu ndi imodzi.

Ndinabzala mvula itagwa bwino masiku atatu otsatizana, dothi litafewa. A Fergal anandiuza ali pa mpanda kuti ndafulumira, ndidikire Meyi athe. Ndinagwedeza mutu mwaulemu nkupitiriza. Mumtima ndinkati mkuluyu amadziwa kabichi, maungu awadziwira kuti? Kwathu mvula ndiyo imanena kuti nthawi yakwana. Sindinali nditamvetsa kuti kuno mvula ilibe mawu, imagwa chaka chonse. Wolamula munda kuno ndi chisanu.

Zinamera zisanu ndi ziwiri. Ndinkapita kukaziona m'mawa uliwonse ndisanasambe.

Meyi

Sabata yachiwiri ya mweziwu kunacha kumwamba kopanda mtambo, udzu uli mbuu. Pofika masana timasamba tonse tinali titada nkugwa, ngati wina watithira madzi owira. Ndinakhala pa ndowa mpaka Amai Tembo anandipeza akuchokera ku shifiti.

Sananene za firiji tsiku limenelo. Anangoti, "Zasala zingati?"

"Six."

Madzulo ake ndinazibzala zonse m'timakapu ta yogati pa windo la kuchipinda. Ndinadziuza kuti nthangazo zakalamba kale, chaka china zikhala zitafa, ndipo munda wake sudzakhalapo. Amai Tembo ataona kabotolo kopanda kanthu anagwira pakamwa.

"Mwabyala zonse? Ambuya banu sanakuphunzitseni?"

"Anandiphunzitsa."

"Manje?"

"Ndaphwanya."

Zinamera zitatu. Kumapeto kwa mwezi ndinaziwokera m'munda, ndikuzitchinga ndi mawindo akale amene ndinatola pa nyumba zina zosatha kumanga, pomwe makontilakita anathawa nkusiya zonse pamtetete.

Mwezi womwewo ntchito ya msewu inayamba cha kumtunda, ndipo inatifika m'njira zing'onozing'ono. Siteji ya basi anaisamutsira kutsidya kwa mlatho, ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi. Kamsewu kolowera kwathu anakatseka, galimoto zizizungulira kutali. Kasitolo ka pakona, kamene kankadalira madalaivala oima kugula nyuzi ndi fodya, kanayamba kutseka masana, kenaka kanangotsekeratu. Zovala zoyanika zinkabwera m'nyumba zili ndi fumbi. Amai Tembo, amene ankagona masana chifukwa cha ntchito yawo, ankatsekera thonje m'makutu, koma pii, pii, pii uja ankadutsa thonjelo.

Julaye

Njala ya kuno siifanana ndi ya kwathu. Palibe wotupa miyendo, palibe wokumba zikhawo za nthochi. Imabisala m'makabati. Munthu amavala jekete labwino, nkumadya buledi ndi tiyi kawiri pa tsiku osauza aliyense. Ku tchalitchi tinkadziwana poona amene watsalira kukathandiza kuchotsa mbale kuti atengeko zotsala. Amai Tembo anawachotsera maola owonjezera, pamene ku Chipata kunali pakamwa pambiri poyembekezera iwo. Repu ndi mpiru za m'dimba mwawo zinasiya kukhala zosangalatsa chabe, zinasanduka ndiwo zenizeni.

Maungu anga atatu aja anatuluka m'mawindo nkuyamba kuyala. Masamba ake anali aakulu ngati mbale, a timawanga toyera, ndipo mbiri yake inafika mpaka ku tchalitchi. Amayi ena ankandipatsa moni wautali kuposa kale. Ndinkadziwa chimene akufuna, ndipo ndinkayankha moni wokhawo.

Tsiku lina ndinapeza nsonga zathyoledwa. Ndinali ndikudziwa tsamba lililonse, choncho sindinafunikire kuwerenga kawiri. Taonga anali pa mpanda ndi kabeseni.

"Wakutuma ndani?"

"Mummy said only a few," anayankha, maso ali pansi. Chichewa ankamva bwinobwino, koma pakamwa pake pankatuluka Chingerezi chokha.

Amai Tembo anatulukira ali ndi mpeni m'manja. "Ba Lackson, nsonga zitatu chabe! Chibwabwa ukachithyola ndiye chiyala bwino. Mufuna masamba akalambe monga ba Fergal?"

Ndinatenga chingwe cha buluu nkuzunguliza mbali yanga yonse, iwo akuona. Ndi chinthu chonyansa kwambiri chimene ndinachitira munthu chaka chimenecho, ndipo ndinachichita popanda liwu limodzi.

Madzulo ndinapeza kambale kovundikira pakhomo panga. Munali nkhwani wotendera. Ndinafuna kukabweza, koma fungo linandigwira mkono. Nditalawa ndinakhala pansi pomwepo pa masitepe. Nkhwani wogula wouma ndinali nditadyapo kuno, koma uyu anali wa pa mkeka wa agogo, ndi kakuwawira kake kakumapeto kamene sindinakapezepo kwina. Misozi imene inakana kutuluka pa foni mu Disembala inatulukira m'kambale ka Amai Tembo. Mawa lake ndinabweza mbale yotsuka. Chingwe sindinachotse.

Masabata atatu a mwezi umenewo makina anakhala chete. Mphekesera zinayenda nyumba ndi nyumba. Ena ankati kampani yagwa, ena ankati ndalama zathera pa mlatho, ena ankati msewu ukhotera kwina chifukwa apeza mafupa akalekale. A Fergal ankayenda monyadira ngati mneneri. Anyamata a ku Poland a nyumba yakumapeto sanadikire kuti aone, analongedza nkubwerera kwawo. Kenaka Lolemba lina m'mawa tinamvanso pii, pii, pii, pafupi kuposa kale.

Ogasiti

Maluwa anabwera ambiri, koma onse aamuna. Ndinkawatembenuza limodzilimodzi kufunafuna la kamutu kunsi kwake, osalipeza. Linaoneka pakati pa mwezi. Njuchi zinali zitasowa chifukwa mpanda waminga uja anali atauzula, choncho ndinathyola duwa lalimuna nkulipaka ndekha m'kati mwa lalikazi, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Ena awiri anabwera pambuyo pake nkufota. Loyamba lija linagwira.

Dzungulo linali ngati chibakera cha mwana pamene kunabwera injiniya wachinyamata wa jekete lachikasu, akukhoma zikhomo za nsalu yofiira. Chimodzi anachikhoma mapazi awiri kuchokera pa dzungu langa. Anali munthu wansangala. Ataliona anawerama, natambasula chala kufunsa kuti chimenechi nchiyani.

Chalacho sichinafike. Amai Tembo, amene ankapalira repu wawo pafupi, anamumenya padzanja, phaa!

"Osasonta! Iwe mwana, ufuna liwole?"

Mnyamatayo anaima kakasi, nkhope itafiira. Ndinachita kumufotokozera m'Chingerezi kuti kwathu dzungu laling'ono saliloza ndi chala, limafota. Ukafuna kulisonyeza umapinda dzanja. Amai Tembo ndi munthu wa sukulu, amadziwa mayina a mankhwala amene ine sindingawatchule, koma anaima pamenepo manja m'chiuno osaseka ngakhale pang'ono. Injiniyayo anapepesa kwa iwo, napepesanso kwa dzungulo. Kenaka anapinda chibakera nkulisonyeza nacho, kufunsa kuti likhwima liti.

Ndinati pakati pa Okutobala, kakhosi kake kakauma, khungu likakana chikhadabo. Likathyoledwa lisanafike pamenepo, nthanga zake zimakhala mphwepwa.

Anayang'ana pepala lake nati tisadandaule, mbali ino ndi ya kumapeto kwa mwezi umenewo.

Atachoka ndinati, "Zikomo."

"Sininachitire imwe," anatero Amai Tembo. "Nachitira ambuya banu." Anapitiriza kupalira, kumbali yawo ya chingwe.

Seputembala

Dzungulo linakula tsiku ndi tsiku. Mizere yake inazama, mtundu unayamba kutuwa. Ndinaliyalira kachidutswa ka sileti kuti lisagone pa chinyezi, ndipo kukazizira ndinkalifunditsa thaulo. Lamlungu lililonse ndinkalidina ndi chikhadabo pafupi ndi khosi, ndipo Lamlungu lililonse chikhadabo chinkasiya chizindikiro.

Mulu wa dothi unali utafika kuseri kwa nyumba yachitatu. Makapu ankanjenjemera m'kabati katapila akamadutsa. A Fergal anasiya kutukwana boma. Anawauza kuti kutsogolo kwa windo lawo la kukhitchini kudzamangidwa chikhoma chotchinga phokoso, chachitali kuposa denga. Anakhala m'nyumba imeneyo kuyambira tsiku la ukwati wawo, akuona mapiri pamene akutsuka mbale. Tsiku lina anandiitana nkundipatsa mafoloko awo olimira ndi wilibala, nati akupita kukakhala kwa mwana wawo kumudzi. Sanayang'ane kumunda ponena zimenezi.

Okutobala

Sabata yoyamba hotela inandiitana masiku atatu otsatizana, chinthu chimene sichinachitike chiyambire Epulo. Sindikanakana. Lachinayi ndinatuluka kusanache, ndipo ndinabwerera cha m'ma folo koloko.

Ndinadziwa ndisanakhote pakona, chifukwa kumwamba kuseri kwa nyumba kunaoneka kwakukulu kuposa masiku onse. Munda kunalibe. Kunali dothi lofiirira losalazidwa, ndi mizere ya mateyala. Mawindo anga, repu wa Amai Tembo, chingwe cha buluu, zonse zinali mu mulu umodzi kutali uko. Akuti omanga msewu anamva kuti kukubwera mvula yamphamvu, nafuna kusalaza nthaka isanasanduke matope.

Ndinaima pa waya mpaka mlonda wa pageti anabwera. Ndinamufunsa za dzungu. Anaseka, nati m'mawa mayi wina wovala yunifolomu ya unesi anakwawa pansi pa waya, naimitsa katapila ndi dzanja ngati wapolisi wa pamsewu. Anadula chinthucho ndi sizasi ya m'thumba mwake, nachinyamula pachifuwa ngati khanda.

Mtima unakhala pansi pang'ono, ngakhale ndinkadziwa kuti linali lisanakhwime. Ndinakhala m'chipinda kudikira kugogoda. Sikunabwere. Mawa lake tinakumana pa mabini.

"Mwauka bwanji, ba Lackson?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu?"

"Bwino. Mwaona vamene bachita? Repu yanga yonse!" Anapukusa mutu nkulowa m'nyumba.

Wina akanafunsa. Ine ndinakulira m'makomo mwa anthu nthawi zimene agogo ankadwala, ndipo mwana wamasiye amaphunzira msanga kuti chimene sanakupatse sufunsa. Umangoyang'ana. Ndinayang'ana sabata imodzi, ziwiri, zinayi. Ndinkakumbukira chingwe chija, nkumati mwina uku ndi kubweza. Moni wanga unafupika mpaka unatsala kugwedeza mutu.

Novembala

Kunayamba kuda folo koloko isanakwane. Phula loyamba linathiridwa, lakuda bii, likufuka nthunzi m'mvula. Ku tchalitchi ndinamva kuti Amai Tembo apeza ntchito ku Australia, monga anesi ambiri chaka chimenecho, ndipo anyamuka mwezi usanathe.

Lachiwiri lina ndikutaya zinyalala ndinaona makoko mu bini ya zovunda. Obiriwira motuwa, a mizere yakuya. Ndinatseka biniyo pang'onopang'ono. Ndinaganiza za nthanga zokazinga ndi mchere, momwe ana amazikondera. Paphwando lotsanzikana nawo sindinapite. Ndinatumiza mawu kuti ndili ku ntchito, chonsecho ndinali m'chipinda, ndikumva nyimbo kudzera m'khoma.

Loweruka m'mawa takisi inaima panja. Ndinamva masutikesi akukokedwa pa masitepe, kenaka kugogoda pa chitseko changa. Ndinatsegula. Amai Tembo anali atavala chikhoti chachikulu, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira.

"Ba Lackson, mwezi wathunthu na hafu. Simunafunse olo kamodzi."

Ndinayang'ana nsapato zawo.

"Ninali kuyembekeza kuti firiji izakamba. Awe." Anapumira m'mwamba. "Dzungu yanu tinadya. Sinali yokoma maningi, kukamba zoona, inali ya madzi. Koma mverani. Inachoka m'munda isanakhwime, so ninaiika mu kabati ya boiler, pofunda, six weeks. Nthanga zimapitiriza kukhwima mukati ngati suitsegula. Nikanakupatsani, sembe munaitsegula pa sabata yoyamba kuti muone. Olo sembe munali kubwera daily kuipenya monga wodwala mu ward. Ndipo zikanapezeka zilibe kanthu mukati, ninafuna nilire neka, osati muike maliro kawiri."

Anapisa m'thumba la chikhoti nkutulutsa kabotolo ka chivundikiro chofiira, ka mtundu uja amapatsa odwala ku chipatala.

"Osachita nkhope, ni kanyowani, sikanagwirepo ntchito."

M'kati munali nthanga zonenepa, zotuwa ndi phulusa, zodzaza mpaka pakhosi.

"Phulusa ni ya mu chimney ya ba Fergal, ninatapa asanayende. Ninayesa five pa tissue yonyowa. Zinamera four."

Ndinatsegula pakamwa. Panja takisi inaliza hutala, Taonga akuitana amayi ake.

Amai Tembo anandigwira dzanja, naikamo kabotoloko, napinda zala zanga pamwamba pake.

"Osabyala zonse," anatero.

Anatsika masitepe osacheuka. Chifukwa kamsewu kathu kanali kotsekabe, takisiyo inazungulira kutali kumtunda, ndipo patapita mphindi zingapo ndinaionanso kudzera pa windo la kuseri, ikudutsa pa phula latsopano, pamalo penipeni pamene panagona dzungu lija.